Requiescat kapena Requiescant? Chilatini ndi Chichewa pamwala umodzi wa makolo awiri

Naphiri wa ku Chilenje

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa inu amene munaphunzira Chilatini, kaya ku seminale kaya kwina. Banja lathu likukonza mwala umodzi wa atate ndi amayi, amene anagona moyandikana ku manda a Leopards Hill ku Lusaka. Atate anali akatekisiti ndipo nyimbo za Chilatini sizinkachoka pakamwa pawo, n'chifukwa chake tagwirizana kuti pamwamba pa mwala pakhale Chilatini, pansi pake Chichewa.

Wosema watibweretsera pepala lolembedwa "Requiescat in pace". Mdzukulu wina akuti kwa anthu awiri mawuwa amasintha, koma sakudziwa kuti amasinthira pati. Tafunsa pa foni, yatipatsa mayankho atatu osiyana. Tikufunanso mzere wonena kuti mwalawu taika ndife ana awo. Mlongo wanga wapeza mawu a m'ndakatulo akuti "ave atque vale" ndi ena akuti "omnia vincit amor", akuti ndi okoma. Kodi akuyenera pamanda a Akhristu? Nanga zaka tilembe ndi manambala achiroma? Zosemedwa pamwala sizifufutika, ndiye tikufuna kutsimikiza tisanalipire.

Tembo wa ku Kabwata

A Naphiri, mwachita bwino kufunsa mwala usanakhudzidwe. Mdzukuluyo akunena zoona. Kwa anthu awiri ndi REQUIESCANT IN PACE, pali N pakati pa A ndi T. Requiescat ndi wa munthu mmodzi.

Chimene chimatisokoneza ife n'chakuti "ause mumtendere" ndi mawu omwewo kaya mukunena mwana mmodzi, kaya agogo amodzi mwaulemu, kaya anthu khumi. A- wathuyu amabisa chiwerengero. Chilatini sichibisa, komanso sichichulukitsa munthu chifukwa cha ulemu. Ngakhale bishopu, ngati wagona yekha, ndi requiescat basi.

Mayankho atatu a pa foni aja atha kukhala onse Chilatini cholondola, koma akunena zinthu zosiyana. Requiescant ndi pempho: ause. Requiescunt ndi kungonena zimene zilipo: akuusa. Requiescite ndi kulankhula ndi omwalirawo: usani. Kwa mmodzi ndi requiescat, requiescit, requiesce. Makina amadutsira m'Chingelezi, ndipo kumeneko liwu limodzi lomwelo limaimira zonse zitatu, ndiye amangotola lililonse. Ife sitifunika kudutsira kumeneko, chifukwa mneni wathu amasiyanitsa kale: akuusa, ause, usani. Monga mmene -e wathu wa kumapeto amasandutsira mawu kukhala pempho, pa mneni ameneyu ntchitoyo imagwiridwa ndi a wa mu -at ndi -ant.

Mfundo yogwira pa Chilatini chonse ndi iyi. Chichewa chimasenza katundu kumutu kwa liwu (mu-mtendere, a-use, ti-na-ika), pamene Chilatini chimamangirira katundu kumchira. Wowerenga Chilatini amayamba wayang'ana michira ya mawu onse, dikishonale n'kubwera pambuyo. Mtendere ndi pax ukakhala mwininkhani, pacem ukakhala pamtherankhani, pacis ndi "wa mtendere", pace ndi umene uli pamwala wanu. Mukafufuza pace m'dikishonale simumupeza, muyenera kupita pa pax. Chimodzimodzi vixit ali pansi pa vivo, obiit pansi pa obeo, posuerunt pansi pa pono. Ndi ngati mlendo wofuna "tinaika" pa T m'malo mwa kupita pa -ika.

Kamawu kakuti in kamafunanso diso. In pace ndi kukhala m'kati mwa mtendere, malo amene munthu ali. Mchira ukakhala -m, ndiye kuti pali ulendo wolowera kumeneko. Nyimbo yoperekeza maliro potuluka m'tchalitchi imati "In paradisum deducant te angeli", angelo akuperekezeni ku paradizo. In paradiso bwenzi kukutanthauza kuti ali kale m'menemo. Choncho musalole wina awonjezere M pa pace poganiza kuti akufananiza ndi in memoriam. In memoriam ali ndi M wake moyenera, ndipo Chichewa chake chabwino ndi "pokumbukira".

Mzere wa ana ungakhale uwu:

PARENTIBUS CARISSIMIS
LIBERI POSUERUNT

Michira -ibus ndi -is pano ikutanthauza "kwa": kwa makolo okondedwa kwambiri. Liberi ndi ana, posuerunt ndi anaika. Mukalemba parentes carissimi, makolowo asanduka oika mwala. Mukataya E mu liberi, patsala libri, amene ndi mabuku. Onaninso kuti Chilatini sichinatchule chinthu choikidwacho, chifukwa mwala womwewo ndiwo ukulankhula. Chichewa chimamveka chopereweza mukangoti "ana anaika", ndiye pamafunika kuti "Ana awo anaika mwala uwu". Kumeneko si kuwonjezera tanthauzo, ndi kudzaza mpata umene chilankhulo chathu sichilola kuti ukhale wopanda kanthu.

Ngati mungafune pemphero lalitali limene atate ankaimba, ndi "Requiem aeternam dona eis, Domine, et lux perpetua luceat eis". Eis ndi "kwa iwo", anthu ambiri, ndipo ndi woyenera pamwala wanu. Ei ndi wa mmodzi. Pomasulira musavutike kuika "kwa iwo" kawiri, chifukwa "kwa" wa Chilatini nthawi zambiri amalowa m'mneni wathu ngati -ir- kapena -er-. Luceat eis ndi "kuwawalire", liwu limodzi, ndipo latha zonse. Koma pempheroli lili kale m'buku la mapemphero la ku parishi kwanu, ndiye tengani mawu a m'menemo kuti anthu akamawerenga pamwala amve zimene anazolowera.

Chinanso chimene Chichewa chimatikakamiza kusankha ndi ulemu. Dona, Domine ndi kulankhula ndi mmodzi, liwu ndi liwu "patsa, Mbuye". Palibe angalembe zimenezo, timati "apatseni, Ambuye". Mawu a pachizindikiro cha Papa John Paul II, amene anafika kuno ku Zambia mu Meyi 1989, akuti Totus tuus, ndipo akulankhula ndi Maria. Tuus ndi "wako", koma Chichewa chake ndi "ndine wanu kwathunthu". Womasulira akamamatira pa "wako" amabweretsa chipongwe chimene m'Chilatinimo mulibe.

Ngati pansi mungafune kulemba "mizimu yawo iuse mumtendere", si zolakwika, koma mu Requiescant in pace mulibe mzimu. Ngati mukufuna kuti mizere iwiriyo ifanane ndendende, pansi lembani "Ause mumtendere". Mukafuna mizimu, pamwamba pakhale ANIMAE EORUM REQUIESCANT IN PACE.

Nabanda wa ku Matero

A Tembo amaliza za galamala, ine ndigwire za ndakatulozo, chifukwa pamenepo m'pamene mabanja ambiri amatola mawu okoma m'khutu osadziwa kumene achokera.

"Ave atque vale" ndi mawu otsiriza a ndakatulo ya mizere 10 ya Catullus, mlakatuli wa ku Verona amene anakhalako Khristu asanabadwe. Anailembera m'bale wake amene anafera kutali, kufupi ndi Troy. Mzere wonse umati "atque in perpetuum, frater, ave atque vale". Ave ndi moni, vale ndi kutsazika, ndipo onse awiri akulankhula ndi munthu mmodzi. Kwa awiri ndi avete atque valete, koma mukatero mwachoka pa mawu a mlakatuli ndipo kayendedwe ka mzerewo kasweka.

Kumasulira mzere umenewu kuli ndi mfundo ziwiri zolimba. Yoyamba ndi frater. Chilatini sichinena ngati ndi mkulu kapena mng'ono, pamene ife tiyenera kusankha pakati pa mkulu wanga, mng'ono wanga, achimwene, kapena m'bale wanga. Posafuna kunamizira mlakatuli, "m'bale wanga" ndiye sapendekera mbali. Yachiwiri ndi vale. Tsinde lake ndi kukhala wamphamvu, wathanzi, ndipo Aroma ankalinena kwa wopita ndi kwa wotsala yemwe. Ife tili ndi "pitani bwino" ndi "tsalani bwino", ndipo sitingathawe kusankha. M'ndakatuloyo wolankhula wayenda ulendo wautali, wafika pamanda, wapereka nsembe zake, ndipo iye ndiye akubwerera. Motero "tsala bwino" ndiye akugwirizana ndi zochitikazo. Koma pamaliro athu timati womwalira ndiye watisiya, watsogola, ndiye khutu la Mchewa limayembekezera "yendani bwino". Pa ndakatuloyo ine ndingati: "Moni, m'bale wanga, ndipo tsala bwino mpaka muyaya."

Mukaona Chichewacho mwaona kale vuto. Kumeneko ndi kutsazikana kosadzaonananso. Mizere ingapo m'mbuyo mlakatuliyo akunena kuti akulankhula pachabe ndi phulusa losayankha. Ndi ndakatulo yogwira mtima kwambiri, koma mulibe chiyembekezo cha kuuka, ndipo pamwala wa akatekisiti ikutsutsana ndi zimene iwo ankaphunzitsa.

"Omnia vincit amor" ndi mawu a Virgil, mlakatuli wachiroma, m'ndakatulo yake ya nambala 10 ya za abusa. Liwu loyamba, omnia, ndi "zonse", ndiye wowerenga motsata mzere angaganize kuti zonse zimagonjetsa chikondi. Ayi. Amor ali ndi mchira wa mwininkhani ndipo vincit ndi mneni wa chinthu chimodzi, choncho wogonjetsa ndi chikondi. Chichewa chimatha kusunga ndondomeko ya mawuwo popanda kusokoneza: "Zonse chimazigonjetsa chikondi." Chi- akuloza chikondi, -zi- akuloza zonse. Agwirizanitsi athu amagwira ntchito imene michira ya Chilatini imagwira, ndipo womasulira wa Chichewa ali ndi mwayi umenewu umene ambiri saugwiritsa ntchito chifukwa choyamba adutsira m'Chingelezi.

Koma wolankhula mawuwa ndi Gallus, mwamuna amene mkazi wamuthawa kutsata wina. Akupitiriza kuti "et nos cedamus amori", ifenso tingogonjera chikondi. Ndi mawu a munthu wothedwa mphamvu ndi chilakolako. Chikondi cha m'Malemba Chilatini chimachitcha caritas, ndipo ife tili ndi liwu limodzi pa zonse ziwiri, n'chifukwa chake kusiyanako sikuoneka m'Chichewa. Ngati mlongo wanu akufuna mawu a chikondi pa makolo amene anakhala m'banja mpaka imfa, CARITAS NUMQUAM EXCIDIT, a pa 1 Akorinto 13:8, ndiwo oyenera: chikondi sichitha. Enanso ndi EGO SUM RESURRECTIO ET VITA, Yohane 11:25, "Ine ndine kuuka ndi moyo". Mawu a m'Baibulo musamasulire nokha kuchokera ku Chilatini. Tsegulani Buku Lopatulika kapena Buku Loyera mukopere vesiyo. Chenjerani ndi manambala a Masalimo okha, chifukwa Baibulo lakale la Chilatini limatsalira ndi imodzi pa Masalimo ambiri: limene ife timati 23 kumeneko ndi 22, ndipo Salimo loyamba ndi mawu akuti De profundis ndi 129 kumeneko koma 130 kwathu.

Kwa ofuna kuphunzira kumasulira ndakatulo za pamiyala, pali chitsanzo chimene chimatikhudza ife a ku Zambia. David Livingstone anamwalira mu 1873 kwa Chitambo, ndipo thupi lake linaikidwa m'tchalitchi cha Westminster Abbey ku London mu 1874. M'mphepete mwa mwala wake muli mizere iwiri iyi:

Tantus amor veri, nihil est quod noscere malim
quam fluvii causas per saecula tanta latentes.

Kayendetsedwe kake ndi kotere. Pezani aneni poyamba: est (pali), malim (ndingakonde koposa), noscere (kudziwa). Mchira -m wa malim ukusonyeza kuti wolankhula ndi "ine". Kenako lumikizani mawu amene akugwirizana, ngakhale atalikirane. Tantus akupita ndi amor, tanta akupita ndi saecula, ndipo latentes, liwu lotsiriza, likudumpha mawu atatu kubwerera kwa causas. Wosazolowera amamangirira latentes kwa saecula chifukwa ali pafupi, n'kumati "mibadwo yobisika", pamene zobisikazo ndi causas. Veri ndi "cha choonadi", kutanthauza kukonda choonadi. Fluvii ndi "za mtsinje". Mukasonkhanitsa: "Chikondi changa pa choonadi n'chachikulu chotere, moti palibe chimene ndingakonde kudziwa koposa magwero a mtsinje, obisika kwa mibadwo yochuluka chonchi."

Ndalemba "magwero", koma liwu lenileni ndi "zifukwa", ndipo apa m'pamene kufufuza kochokera mawu kumathandiza. Mizereyi ndi ya Lucan, mlakatuli wachiroma amene anamwalira m'chaka cha 65, ndipo wolankhula ndi Julius Caesar ali paphwando ku Egypt, akufunsa wansembe Acoreus za mtsinje wa Nile. Causas kumeneko ndi zifukwa za khalidwe la mtsinjewo, makamaka kusefukira kwake chaka ndi chaka. Za gwero zikubwera m'mawu otsatira, "ignotumque caput", mutu wosadziwika, amene pamwalapo sanalembedwe. Oika mwalawo ankaganiza za munthu amene anafera kufunafuna gwero la Nile m'madambo a Bangweulu, madzi amene kwenikweni amathera mu Congo. Choncho mukamasulira ndakatulo ya Lucan, lembani "zifukwa". Mukamasulira mwala wa Livingstone, "magwero" ndiye akunena chimene mwalawo ukutanthauza. Mawu omwewo, malo awiri, Chichewa chiwiri. Chiyambi chija, tantus amor veri, chilibenso mneni wake chifukwa chiganizocho anachidula pakati, ndiye "n'chachikulu" ndi "moti" ndaziika ine kuti chiime pachokha.

Musayese kutsanzira kayimbidwe ka mizereyi. Ndakatulo za Aroma zimayenda ndi maphatikizo aatali ndi aafupi, magawo 6 pamzere ngati uwu, ndipo sizifananiza mathero a mizere. Chichewa chili ndi kayendedwe kake, chimakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto. Ndi bwino kupeza chiganizo choti munthu achinene ndi mpweya umodzi kusiyana ndi kupanikiza mawu kuti maphatikizo akwane.

Mwale wa ku Chelstone

Ndiyankhe za manambala ndi za kwa wosema, chifukwa Chilatini cholondola papepala chimatha kufika pamwala chili cholumala.

Manambala achiroma: I ndi 1, V ndi 5, X ndi 10, L ndi 50, C ndi 100, D ndi 500, M ndi 1000. Lembo laling'ono likatsogola limachotsera, likatsatira limawonjezera. Taonani zaka ziwiri izi: 1946 ndi MCMXLVI, 1964 ndi MCMLXIV. Malembo ndi omwewo asanu ndi awiri, angosinthana malo. 2019 ndi MMXIX, 2021 ndi MMXXI. Wosema akasinthanitsa awiri, palibe aliyense pamwambo amene adzazindikire, ndipo patapita zaka zidzukulu zidzakhulupirira mwala. Malangizo anga ndi akuti masiku obadwa ndi omwalira mulembe ndi manambala athu a masiku onse. Achiroma, ngati mukuwafuna, akhale a chaka choikira mwala chokha, pansi penipeni.

Mawu otsagana ndi masiku amasiyanitsa mwamuna ndi mkazi, chinthu chimene Chichewa sichichita. "Anabadwa" ndi NATUS kwa atate, NATA kwa amayi. OBIIT, anamwalira, ndi mmodzimodzi kwa onse, ndipo ali ndi I awiri. Mukafuna kupatula mayina, ndi PATRI CARISSIMO ndi MATRI CARISSIMAE. Wosema amakonda kukopera mzere wa kumanzere n'kuuika kumanja, kungosintha dzina, ndipo amayi amatsala ndi natus.

Mawu ena amene lembo limodzi limawatembenuza: HIC IACET ndi "pano pagona", kwa awiri HIC IACENT, koma iacit ndi "akuponya". VIXIT ndi "anakhala ndi moyo", vicit ndi "anagonjetsa". ANNO, m'chaka, ali ndi N awiri, ndipo mukataya mmodzi patsala liwu la chiwalo cha thupi losayenera kuoneka pamanda. Za msinkhu, VIXIT ANNOS LXX ndi zaka 70 zokwanira, pamene ANNO AETATIS SUAE LXX kwenikweni ndi "m'chaka cha 70 cha moyo wake", munthu amene wakwanitsa 69. Pamiyala yakale mudzaona AET. yekha, chidule cha aetatis, ndipo olemba ena sankasamala kusiyanaku, choncho ngati masiku alipo werengani nokha.

Sankhani kalembedwe kamodzi. Aroma analibe U ndi J pamiyala, ankalemba V ndi I, ndiye REQVIESCANT si kulakwitsa. Kulakwitsa ndi kulemba REQVIESCANT pamwamba ndi POSUERUNT pansi. Popeza pamwala wanu padzakhalanso Chichewa, mmene U ndi V ndi malembo osiyana, ndingakonde U ponseponse kuti owerenga asamati "rekvi".

Osema ambiri masiku ano amalemba mawu pa kompyuta, makina n'kudula malembo papepala lomata, kenako amalimata pamwala n'kupopera mchenga. Ngozi zili pawiri: wotayipa amene sadziwa mawuwo, ndi kompyuta imene imawongola yokha liwu lachilendo kuti lifanane ndi la Chingelezi. Pace amatha kusanduka peace. Njira yodzitetezera ndi kuwerenga malembo. REQUIESCANT ali ndi 11, mzere wonse 17. PARENTIBUS 10, CARISSIMIS 10 (I atatu, S atatu), LIBERI 6, POSUERUNT 9. Pemphani pepala losindikiza la kukula kwenikweni, muwerenge lembo limodzilimodzi kuyambira kumapeto kubwerera kumayambiriro kuti diso lisadzaze lokha zosowa, musayine, ndipo mutenge chithunzi. Kenako pitaninso tsiku limene pepala lomata lili pamwala mchenga usanapoperedwe. Pambuyo pake kukonza kumafuna kupala nkhope ya mwala ndi kupukutanso, ndipo pamatsala chibowo chooneka dzuwa likapendeka. Malembo asachepere mamilimita 25 kutalika. Pa mamilimita 30, mzere wa REQUIESCANT IN PACE umadya pafupifupi theka la mita, ndiye yesani mwala wanu musanagwirizane. Liwu la Chilatini lisadulidwe pakati pofuna kukwanitsa mzere, makamaka mchira usapite pansi pawokha.

Mukamayenda m'manda kapena m'matchalitchi kufuna zitsanzo, musakopere zidule musanadziwe eni ake. D.M., Dis Manibus, ndi kupereka kwa mizimu ya akufa m'chipembedzo cha Aroma akale. S.T.T.L., sit tibi terra levis, "dothi likupepukire", ndi yachiroma yakalenso. D.O.M. ndi Deo Optimo Maximo, kwa Mulungu wabwino koposa ndi wamkulu koposa. INRI ndi Iesus Nazarenus Rex Iudaeorum, mawu a pamtanda pa Yohane 19:19. IHS poyamba si Chilatini, ndi malembo atatu a dzina la Yesu m'Chigiriki, ndipo H ameneyo ndi lembo la liwu la E. Kumasulira kwakuti Iesus Hominum Salvator kunabwera pambuyo. A.M.D.G., Ad maiorem Dei gloriam, "kuti Mulungu alemekezeke koposa", ndi mawu a Ajezuiti, amene anayamba mishoni za Chikuni ndi Kasisi mu 1905.

Mwala wofufutika umawerengeka bwino m'mawa kwambiri kapena madzulo, kapena ndi tochi yowunikira chapambali kuti mithunzi igwe m'malembo. Tsukani ndi madzi ndi nsalu basi, waya ndi mankhwala oyeretsera zimadya mwala. Koperani mzere ndi mzere monga zilili, ndi zolakwa zomwe. Akatswiri anagwirizana ku Leiden, m'dziko la Netherlands, mu 1931 kuti malembo ofufutika amene mwawaganizira azikhala mu [ ], ndipo malembo otambasula chidule mu ( ), monga ob(iit). Mukatero wina wodzakuthandizani adzadziwa zimene munaona ndi zimene munangoganiza.

Naphiri wa ku Chilenje

Zikomo kwambiri a Tembo, amayi Nabanda ndi a Mwale. Takambirana, ndakatulo zija tazisiya, titenga Requiescant in pace ndi mzere wa ana. Koma zidzukulu nazonso zasonkha, ndiye zikufuna kutchulidwa. Tiwonjezere chiyani? M'bale wina akutinso liberi sanamumvepo m'tchalitchi, iye akudziwa filii. Ndipo pa tsiku lovundukula mwala, wowerenga atchule bwanji mawuwa?

Tembo wa ku Kabwata

M'baleyo sakulakwa, a Naphiri. M'Chilatini cha m'tchalitchi filii ndiye amamveka kawirikawiri, ndipo amatha kuimira ana onse. Koma filii payekha angawerengedwenso kuti ana aamuna okha, ndipo inu muli aamuna ndi aakazi. Liberi ndi ana a munthu mosasiyanitsa, n'chifukwa chake ndinamusankha. Ofuna filii alembe FILII FILIAEQUE, ana aamuna ndi aakazi. Kachidutswa -que ndi "ndi" womatidwa kumchira kwa liwu lachiwiri, sikalembedwa patokha. Ndi malembo 14 m'malo mwa 6, ndipo osema amalipiritsa pa lembo.

Zidzukulu ndi nepotes, ndiye mzere ukhala LIBERI ET NEPOTES POSUERUNT. Mneni sasintha chifukwa anali kale wa anthu ambiri. Pa Chichewa chake lembani "zidzukulu" osati "adzukulu". Kwathu kum'mawa adzukulu ndi anthunso okumba manda ndi kuika maliro, ndipo pamwala wa manda wowerenga angatengere kumeneko.

Mwala wonse ungaoneke chonchi, mayina ndi masiku ali pakati:

REQUIESCANT IN PACE
Ause mumtendere

PARENTIBUS CARISSIMIS
LIBERI ET NEPOTES POSUERUNT
Kwa makolo athu okondedwa kwambiri.
Mwala uwu taika ndife ana ndi zidzukulu.

Posuerunt ndi "anaika", koma pano ndalemba "taika ndife" ndi "athu" chifukwa ndi mmene inu munafunsira poyamba, ndipo m'Chichewa banja likamalankhula lokha zimamveka za pamtima. Ngati mukufuna kuti Chilatini chinenenso "ife", sinthani posuerunt akhale POSUIMUS, malembo 8. Zonse ziwiri n'zolondola, kungoti posuerunt ndiye kalembedwe kozolowereka pamiyala.

Za katchulidwe, tsatani ka m'tchalitchi kamene atate ankaimbira. Malembo a liwu ndi asanu omwe athu aja, a e i o u, ndipo amamveka chimodzimodzi. C akatsogolera e, i, ae kapena oe amamveka ngati ch, akatsogolera a, o kapena u ngati k. Qu ndi kw. Ndiye re-kwi-ES-kant in PA-che, pa-REN-ti-bus ka-RIS-si-mis, LI-be-ri et ne-PO-tes po-su-E-runt. Ophunzira a ku sukulu zotsata katchulidwe ka Aroma akale, adzati "pake" m'malo mwa "pache", ndipo nawonso sakulakwa, koma pamanda a akatekisiti ndi "pache". Wowerenga achenjere ndi zinthu ziwiri zimene lilime lathu limachita lokha: kuwonjezera i kumapeto (rekwieskanti) ndi kukoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto paliponse. Pa parentibus, carissimis ndi liberi mphamvu ili pa lachitatu kuchokera kumapeto. Ndipo N wa mu -ant amveke bwino, chifukwa ndiye akunena kuti pagona awiri.